Kuwotcherera ndi solda: poyambira kwa ofuna kudzipangira ampulifaya

Solda, chitsulo chofewa chimene timasungunula polumikiza mawaya ndi zipangizo zamagetsi, amayenderera ndi kugwira pa chitsulo chotentha komanso choyera basi. Mukaimvetsa mfundo imeneyi, zina zonse n'zongozolowera manja. Ambiri oyamba kumene amasungunula solda pansonga ya soldering iron (ayironi yowotcherera), kenako n'kumudonthezera pa mwendo (kawaya kolumikizira) wozizira wa resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi. Amaoneka ngati wagwira, koma amangokhala pamwamba ngati dontho la madzi pa tsamba, ndipo mukalumikiza sipika mumamva kuthetheka, kapena mbali imodzi imangoti zii mukagwedeza bolodi imene zipangizozo zimawotchereredwapo.

Tiyambe ndi solda. Ine ndimakonda wa 63/37, kutanthauza magawo 63 a tin ndi 37 a mtovu, chifukwa amasungunuka pa madigiri 183 a Celsius ndipo amauma nthawi yomweyo. Wa 60/40 ndi wabwinonso, kungoti amachedwerapo pang'ono kuuma, ndiye dzanja likanjenjemera panthawiyo cholumikizacho chimawonongeka. Wopanda mtovu, amene anafala m'mafakitale kuchokera mu 2006 mayiko a European Union atakhwimitsa malamulo, amafuna madigiri pafupifupi 217 ndipo sayenderera msanga. Kuphunzirira ameneyu n'kudzivutitsa. Sankhani waya wa solda wopyapyala, wa mamilimita 0.7 kapena 0.8, wokhala ndi flux ya rosin (utomoni wa mtengo wa paini) m'kati, imene imatsuka chitsulo kuti solda agwire. Flux ya asidi imene amagwiritsa ntchito pa mapaipi isayandikire bolodi yanu, imadya mkuwa. Za solda wa siliva amene ena amati amakometsa nyimbo, ine ndimati ndalama zimenezo mugulire ayironi yabwino.

Ayironiyo ikhale yotheka kusintha katenthedwe, muiike pa madigiri 320 mpaka 350. Nsonga yosongoka kwambiri imakopa maso koma imapereka kutentha kochepa. Yophwatalala, ya mamilimita awiri, ndiyo imagwira ntchito zambiri za pa ampulifaya. Ikatentha ipukuteni pa siponji yonyowa, muipake solda pang'ono mpaka inyezimire. Nsonga yakuda siipatsira kutentha, ndipo musaipale ndi tupa, mungachotse chitsulo chimene chimaiteteza.

Kawotchereredwe kake ndi aka. Gusitsani nsonga pa mwendo wa chipangizo ndi pa kamkuwa ka pa bolodi nthawi imodzi. Dikirani sekondi imodzi, kenako bweretsani solda mbali inayo, akhudze mwendo ndi kamkuwako. Akayenderera n'kuzungulira mwendo wonse, chotsani solda kaye, ayironi pambuyo. Zonsezi zisapitirire masekondi atatu kapena anayi. Musauzire, musagwedeze. Pogwira bwino pamakhala posalala, solda atakwera mwendo mopendekera, ndipo mwendowo umaonekabe. Pakaoneka kampira kotuwa, bwerezani ndi flux pang'ono. Mukakhalitsa ayironi pamalo amodzi, kamkuwa kamamatuka pa bolodi, ndipo kukonza kwake n'kowawa.

Musayambire pa bolodi imene mwaigula. Pezani wailesi yakufa, muzichotsa zipangizo ndi kuzibwezera mpaka dzanja lizolowere. Pamenepo mudzaphunziranso kuchotsa solda ndi kapampu kapena ndi kachingwe kamkuwa koluka kamene kamamwa solda.

Kenako pitani ku mawaya, ndipo apa ndi pamene anthu a zomvera amaonekera luso. Waya wa pulagi ya RCA kapena ya jack ya mamilimita 6.35 ali ndi kawaya kapakati ndi ena ozungulira otchinga phokoso. Pulasitiki ya kapakatiko imasungunuka msanga, mawaya awiriwo n'kukhudzana, mawu n'kusowa. Njira yake ndi kupaka solda pa waya payekha, pa pulagi payekha, kenako n'kuzigunditsa ndi kutenthetsa mwachangu. Potani mawaya ozungulirawo bwinobwino, chifukwa kamodzi kokha kosokera ndi kokwanira kubweretsa mavuto. Pa XLR, pulagi ya mapini atatu ya maikolofoni, pini 1 ndi ya ground, pamene pamapita mawaya ozungulira aja, ndipo 2 (hot) ndi 3 (cold) ndi zonyamula mawu. Ndipo lowetsani chivundikiro cha pulagi ndi heat shrink (kapaipi ka pulasitiki kofota kakatenthedwa) pa waya musanawotcherere, mukatha sizilowanso.

Ampulifaya yoyamba ikhale ya LM386, kachipangizo ka miyendo 8 koyendera batire ya mavoti 9. Payokha imakweza mawu ka 20, ndipo mukaika capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) ya 10 µF pakati pa pini 1 ndi pini 8 imafika ka 200. Siyomveka mwapamwamba, koma singakupheni, ndipo mukaipsereza simudandaula kwambiri. Yambani ndi zipangizo zazifupi monga ma resistor, zazitali pomaliza. Wotchererani soketi yolowetsamo LM386, chipangizocho mudzachilowetse mutatha. Ma capacitor a electrolytic ali ndi mbali: mwendo wautali ndi wa +, mzere wa m'mbali ukusonyeza −. Mukatembenuza imatupa, nthawi zina imaphulika.

Musanalumikize batire, tengani multimeter, chipangizo choyezera magetsi, muyeze ngati + ndi − sizikukhudzana, ndipo yang'anani ndi galasi lokulitsa ngati solda sanadumphire pa pini yoyandikana. Kung'ung'udza kosalekeza m'sipika kawirikawiri kumachokera ku ground yosagwira bwino, ndiye yambirani kufufuza pamenepo.

Utsi umene umatuluka ndi wa flux, ndipo umapweteka pachifuwa, choncho tsegulani zenera kapena ikani kafani kouthamangitsa. Mtovu umatsalira m'manja, sambani musanadye. Valani magalasi podula miyendo yotsala, imauluka. Ampulifaya za magetsi a pakhoma, makamaka za ma valve (machubu agalasi okweza mawu) zimene zimafika mavoti mazanamazana, zidikire kaye: ma capacitor ake akuluakulu amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa ndi kuzula pulagi, ndipo muyenera kuphunzira kuwayeza ndi kuwatsitsa magetsiwo kudzera mu resistor musanalowetsemo dzanja.