Momwe mungagwiritsire ntchito chikwama cha madzi chobereka kumsana

Chiyambire kubereka madzi kumsana pokwera phiri kapena popalasa njinga, botolo la m'manja ndinalitaya. Chikwamachi chimakhala ndi thumba la pulasitiki mkati, kapaipi kodutsa paphewa, ndi kamlomo komwe mumaluma pang'ono kuti madzi atuluke. Mumamwa mukuyenda, manja ali pa zina. Michael Eidson, yemwe anayambitsa CamelBak, kampani yopanga zikwamazi, anayamba ndi thumba la diripi lomwe analiika mu sokosi n'kulibereka pa mpikisano wa njinga ku Texas chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Yambani ndi kukula kwa thumba. Matumba ambiri amakhala a malita 1.5, 2 kapena 3. Musathamangire lalikulu, chifukwa lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi ndipo msana wanu ndi umene udzamve. Pa ulendo wa maola atatu kapena anayi, ine la malita 2 limandikwanira. Ngati muli kale ndi chikwama chabwino, gulani thumba lokha, mupulumutsa ndalama. Koma chenjerani ndi zotchipa mopitirira muyeso. Ogulitsa ena amangomata dzina la kampani yodziwika pa thumba lomwe madzi ake amamveka pulasitiki mpaka kalekale. Musanachoke nalo, thiranimo madzi, tsekani, finyani ndi manja awiri, muone msoko ndi polumikizira kapaipi ngati sipakudontha.

Mukadzaza, litembenuzeni chadodolido n'kuyamwa mpweya wonse kudzera m'kapaipi. Mukapanda kutero madzi azikhuvuka kumsana ulendo wonse.

Tsopano pomwe ine ndinalakwitsa: kuumitsa. Tsiku lina ndinathiramo chakumwa chashuga, nditabwerako n'kungotsukuluza kamodzi, kutseka, kuponya m'kabati. Patapita masabata awiri ndinapeza timadontho takuda ndondondo m'kapaipi monse, ndipo nditavula kamlomo kaja mkati mwake munali chuku choterera. Fungo lake linandibweza mtima. Thumba ndinalipulumutsa, koma kapaipi ndinagula kena, pamtengo womwe unatsala pang'ono kufanana ndi wa thumba latsopano.

Kuchokera pamenepo ndimachita izi nthawi zonse. Ndimathira madzi ofunda, osati owira chifukwa amawononga pulasitiki, ndi masupuni awiri a soda wophikira. Ndimakhutchumula, n'kukweza thumba m'mwamba, n'kutsina kamlomo kuti madziwo adzaze kapaipi, kenako ndimasiya kwa mphindi 30. Kapaipi kamafuna kaburashi kake kaatali. Ngati mulibe, mangani kansalu kakang'ono ku chingwe cholimba n'kukakoka kuchokera mbali ina kukatulukira ina. Kamlomo kavuleni, katsukeni pakokha. Mukatsukuluza bwino, musasiye thumba litamatana, chifukwa mkati simuuma ngakhale patapita masiku. Lowetsanimo chinthu choti chilitsegule, chipande choyera chimakwana, n'kulipachika pakamwa pali pansi, pamthunzi podutsa mphepo. Kapaipi kagwireni pakati n'kukazunguza mwamphamvu kuti madontho otsala atuluke. Ngati nthawi yachepa, khuthulani madzi onse, pindani thumba n'kuliika mufiriji mbali youmitsa ayezi, komwe chuku sichimera. Ndipo zashuga zizikhala m'botolo lapadera, m'thumba muzilowa madzi okha basi.

Zotsalazi n'zosavuta. Mangani malamba a pachifuwa kuti chikwama chisamalumphe. Imwani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, osadikira ludzu, ndipo mkodzo ukayamba kuda dziwani kuti mukumwa ochepa. Mukamwa, uzirani m'kapaipi kuti madzi abwerere m'thumba, apo ayi otsalamo amatentha ndi dzuwa. Popuma paliponse gwirani thumba mumve omwe atsala, poti lili kumsana ndipo limatha osakuuzani.