Mwapeza banjo yakale kwa agogo? Nazi zoyenera kuchita musanaitaye

M'midzi yambiri ya ku Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, mudakali mabanjo opachikidwa kutsindwi, akuda bii ndi mwaye, eni ake anatisiya kale. Mabanjo ena anabwera ndi asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda) nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, ena ndi matchona ochokera ku Halale ndi ku Joni. Ambiri anakhomedwa pamudzi pomwepo ndi chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi waya wa mabuleki a njinga. Alan Namoko wa ku Thyolo, yemwe anamwalira mu 1995, timamudziwa chifukwa ankamveka pa wailesi ya MBC. Nanga amene ankasangalatsa anthu pa mowa wamasese ku Chulu kapena m'maesiteti a fodya malipiro akatuluka? Mayina awo akupita limodzi ndi okalamba.

Choyamba, musaitsuke. Madzi amafewetsa chikopa, ndipo chikauma chimang'ambika. Tengani nthenga ya nkhuku kapena kansalu kouma n'kuphumula fumbi pang'onopang'ono. Sandipepa ndi penti ayi ndithu. Malo osalala pakhosi pa banjo, pamene zala zinkakanda zaka zambiri, ndi umboni wa momwe mwini wake ankaimbira. Mukapala pamenepo mwafufuta mbiri.

Kenako masulani nsambo pang'ono, koma osazichotsa. Waya wadzimbiri wokungika amaduka mosachenjeza, komanso amapinda khosi. Kamtengo kamene nsambo zimatsamira pachikopa kamagwa zikamasuka, choncho kamangeni m'kapepala n'kukasunga pamodzi ndi banjoyo. Onaninso ngati thabwa likutulutsa ufa. Ukakhalapo ndiye kuti mwalowa tizilombo tofumbula mitengo. Iyanikeni pamthunzi pomwe pakupita mphepo, osati padzuwa la mu Okutobala lomwe lingaphulitse chikopa. Poisunga ikhale pamwamba, kutali ndi chiswe, utsi wa kukhitchini ndi denga lodontha. Ikulungeni m'chitenje, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi.

Ijambuleni ndi foni mbali zonse, makamaka zolembedwa. Banjo ya kufakitale imakhala ndi mkombero wachitsulo ndi timabawuti tokungira chikopa, ndipo dzina la kampani limapezeka kumutu kapena mkati. Yokhoma pamudzi imadziwika ndi misomali ndi zikhomo zosema ndi mpeni, ndipo zolemba za pachigubu zingakuuzeni nyengo imene inapangidwa. Werengani zikhomo kuti mudziwe kuti inali ya nsambo zingati.

Tsopano ntchito yeniyeni, imenenso siyidikira: kufunsa. Musapite ngati wapolisi ndi mafunso pakapepala. Pitani madzulo anthu ataweruka kumunda, mutanyamula kashuga kapena sopo, banjoyo ili m'manja. Aloleni agogo aigwire. Mudzaona okha akuyamba: "Iii mdzukulu wanga, iyi inali ya malume ako aja." Pemphani chilolezo musanatsegule foni: "Agogo, mundilole ndijambule mawu anu kuti ana adzamve." Funsani dzina lenileni la woimbayo, la pabwalo, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake. Anaphunzira kwa yani? Anapitako ku Wenela, kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni? Funso limeneli limathandiza kupeza zaka, poti boma linaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Okalamba sakumbukira chaka, amakumbukira kuti zinali njala ya 1949 isanagwe kapena Kamuzu atabwera kale mu 1958.

Ine ndimati yambani ndi amayi okalamba. Abambo amakuuzani za ulendo ndi ndalama, koma nyimbo zimakhala ndi amayi, iwo ndiwo ankavina ndi kuyankha. Akayamba kuimba musawadule, ngakhale nyimboyo ikhale yotukwana kapena yonyoza apongozi. Zikatere fufuzaninso kwa anthu awiri kapena atatu padera, chifukwa pa nkhani ya yemwe anapeka nyimbo aliyense amakokera kwawo.

Amene muli ndi intaneti yesaninso kufufuza dzinalo mu zojambula za Hugh Tracey, yemwe anayenda muno m'zaka za m'ma 1950 kujambula oimba. Zimasungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, ndipo iye ankalemba dzina la woimba ndi boma lake. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana, poti azungu ankalemba mayina athu momwe awamvera.

Zonse mwapezazo zilembeni m'kope, pepala limodzi mulimangirire ku banjoyo, mawu ojambulawo muwatumize kwa abale angapo pa WhatsApp kuti foni ikatayika zisatayikire limodzi. Akabwera wofuna kugula, musayankhe nokha. Ndi katundu wa banja, mwini mbumba ayambe wamva. Ngati ana akufuna kuphunzira kuimba, apezereni mmisiri awakhomere yawo poonera yakaleyo, chigubu ndi chikopa cha mbuzi sizisowa pa msika wa Chinkhoma.