Mukufuna kuyambitsa chikondwerero cha chaka ndi chaka mumzinda mwanu? Yambirani apa

Mzinda woti si waukulu kwambiri komanso si waung'ono uli ndi kaubwino kake, anthu amadziwana. Ukalengeza chinthu Lolemba pofika Lachinayi theka la tauni lamva kale. Koma kudziwana komweko ndi kumene kumapha zikondwerero zambiri, chifukwa zikangolakwika kamodzi aliyense amamva, nde chaka chamawa ukamaitana anthu amangoti aaa zija zija. Ine ndakhalamo mu komiti yokonza zoterezi ndipo chimene chimandiwawa ndi kuona chinthu chabwino chikuwala tsiku limodzi kenako zii osamvekanso. Nde zimene ndikulemba apa ndi zoti chanucho chidzabwerenso.

Choyamba gwirizanani kuti chikondwererochi n'chachani. Kaya nyimbo, kaya magule, kaya chionetsero cha ntchito zamanja, kaya mpikisano wothamanga, sankhani chimodzi chikhale mutu, zinazo zizingokometsera. Ndipo musachite manyazi kuyamba pang'ono. Edinburgh Fringe ya ku Scotland inayamba mu 1947 ndi magulu 8 a zisudzo omwe sanaitanidwe n'komwe ku chikondwerero chachikulu cha mumzindamo, anangofika n'kumachita masewero awo chakumbali, lero anthu amakwera ndege kuchoka kutali kukaonera.

Chachiwiri tsiku. Likhale loti munthu asamafunse. Ku France, chikondwerero cha nyimbo cha Fête de la Musique chinayamba mu 1982 ndipo chimachitika pa 21 Juni chaka chilichonse, palibe amadikira chilengezo. Inunso mutha kunena kuti Loweruka lachiwiri la mwezi wakuti, basi, osamasinthasintha. Musanakhomere tsikulo onani nyengo ya mvula, mayeso a ana asukulu, mpira waukulu, zisankho, mapemphero akuluakulu, chifukwa mzinda wotere ulibe anthu okwanira kudzaza malo awiri tsiku limodzi.

Chachitatu komiti ndi ndalama. Wapampando, mlembi, msungichuma, wina wa zachitetezo, wina woona mavenda. Ndalama zisamakhale mu foni kapena mthumba mwa munthu mmodzi ngakhale atakhala wokhulupirika bwanji, tsegulani akaunti yoti potapa asaine anthu awiri, ndipo chilichonse chogulidwa chibwere ndi lisiti. Sikuti mukumukayikira munthu ayi, mukumuteteza ku mphekesera. Mu bajeti siyani kagawo kosakhudza ka zogwa mwadzidzidzi. Makampani oti akuthandizeni apitireni msanga asanatseke mapulani awo a chaka, ndipo chimene alonjeza chilembedwe papepala. Oimba nawonso chimodzimodzi, ndalama zingati, akwera siteji nthawi yanji, aimba mphindi zingati, zonse papepala.

Chachinayi zilolezo, ndipo izi yambani kukadali miyezi 6. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko koma makomo ogogoda amakhala omwewo, khonsolo ya mzinda, apolisi, ozimitsa moto, azaumoyo ngati pakhala zogulitsa zakudya. Ngati mutseka msewu nenani msanga. Ngati muziseweretsa nyimbo za eni ake pagulu, m'maiko ambiri pamafunika laisensi yochokera ku bungwe loona za umwini wa nyimbo, funsani. Kalata iliyonse imene mwapereka musunge kope yodindidwa.

Tsopano chachisanu, malo ndi mageti, apa ndikhalitsapo chifukwa apa ndi pamene pali moyo wa anthu. Pa 24 Julayi 2010 ku Duisburg ku Germany kunali chikondwerero cha nyimbo chotchedwa Love Parade, anthu 21 anafa ndipo mazana anavulala, sikuti kunali moto kapena ndewu ayi, koma njira imene anthu amalowera inali yomweyo yotulukira, olowa ndi otuluka anakumana pakati n'kupanikizana mpaka ena kulephera kupuma. Chikondwererocho sichinachitikenso. Nde geti lolowera likhale lake, lotulukira lake, ndipo pakhalenso ena otsegula pangozi omwe sanakhomedwe ndi loko, pa lililonse payime munthu amene akudziwa ntchito yake.

Yezani malowo musanasindikize matikiti. Tengani kutalika ndi kufupika kwa bwalo, chotsanipo malo a siteji, matenti, mabenchi a mavenda ndi njira yodutsa ambulansi, chotsalacho ndi chimene muwerengere anthu. Anthu 2 pa sikweya mita amayenda bwinobwino, akamafika 5 kupita m'tsogolo zayamba kuopsa. Ngati a komiti akukutsutsani chitani chimene tinachita ife, tinatenga chingwe n'kuchiyala pansi mita imodzi mbali iliyonse mwa mbali zinayi, tinaimamo anthu asanu, wina chigongono chili m'nthiti mwa mnzake, wina akulephera ngakhale kutulutsa foni mthumba. Amene amati tigulitse matikiti ambiri anangoti chete. Malo akadzaza geti litsekedwe, ngakhale panja pali anthu ndalama zili m'manja.

Chachisanu ndi chimodzi ndi tinthu tija timanyozeka. Zimbudzi zikhale zokwanira, za amayi zichuluke chifukwa mzere wawo umayenda pang'onopang'ono, pakhale munthu wozisamala tsiku lonse ndi madzi osamba m'manja. Madzi akumwa, mthunzi wa agogo, podutsa njinga za anthu olumala. Jenereta ikhale patali ndi anthu yotchingidwa, mawaya asayende poponda anthu, ndipo muyese zonse dzulo lake osati m'mawa wa tsikulo. Tenti ya chithandizo choyamba ioneke patali. Pakhalenso malo amodzi odziwika a ana osochera, ine sindiiwala kamtsikana kena katagwira nsapato imodzi m'manja kakulira mosatulutsa mawu, mwamwayi, wolengeza pa maiki anali atauzidwa kale kuti zoterezi zikachitika nyimbo ziime kaye, mayi ake anafika akuthamanga pasanathe mphindi zisanu.

Kulengeza sindinenapo zambiri, wailesi ya m'dera, Facebook, magulu a WhatsApp, mapositala pamene anthu amadikira mabasi. Koma anthu okhala pafupi ndi malowo apitireni pakhomo, auzeni phokoso liyamba nthawi yanji litha nthawi yanji, ndipo nthawi yotsekerayo muisunge ndithu.

Tsiku lenilenilo pakhale munthu mmodzi amene mawu ake ndi omaliza, ngakhale pofunika kuimitsa zonse. Ongodzipereka avale zofanana kuti aoneke, adye, asinthane, musamuimike munthu pa geti kuyambira m'mawa mpaka usiku. Anthu akachuluka malo amodzi netiweki imavuta, choncho gwirizanani pasadakhale pokumanirana mafoni akakana.

Chomaliza chimachitika anthu atapita. M'mawa mwake kukamacha zinyalala zikhale zitatoledwa, eni malo adzayendere limodzi nanu aone okha. Mavenda ndi oimba amene muli nawo ngongole alipidwe sabata yomweyo. Pasanathe milungu iwiri komiti ikumane mukadakumbukira zonse, mulembe kuti anabwera anthu angati, geti liti linapanikiza, madzi anatha nthawi yanji, ndalama zinalowa zingati zinatuluka zingati, ndipo lipoti la ndalamalo liikidwe poyera aliyense aone. Makalata othokoza apite kwa apolisi, azaumoyo, makampani ndi anthu oyandikana nawo aja, ndipo pansi pa kalata iliyonse mulembepo tsiku la chaka chamawa.