Momwe mungamalizire sudoku osalemba timanambala tam'ngodya

Ambiri akangophunzira sudoku amazolowera kudzaza kabokosi kalikonse ndi timanambala ting'onoting'ono toyerekezera: mwina apa ndi 3, mwina 6, mwinanso 8. Pofika pakati pepala lada bii, labala watha, ndipo nambala yoonekeratu yabisika m'chipwirikiti cha zolembazo. Chonsecho masudoku osavuta ndi apakatikati amatheka ndi bolopeni, kulemba nambala yokhayo imene mwatsimikiza. Maso ndiwo ofunika kuwaphunzitsa kayendedwe.

Malamulo sanasinthe kuchokera mu 1979 pamene Howard Garns wa ku America anatulutsa masewerawa, ngakhale dzina loti sudoku linabwera pambuyo pake kuchokera ku kampani ya Nikoli ya ku Japan. Pali timabokosi 81, mizere yopingasa 9, mizere yotsika 9 ndi mabokosi aakulu 9, lililonse la timabokosi 9. Manambala 1 mpaka 9 aoneke kamodzi kokha mumzere uliwonse ndi m'bokosi lililonse. Sudoku yokonzedwa bwino imakhala ndi yankho limodzi, choncho palibe malo ochita zamwayi. Poyamba sankhani yolembedwa kuti ndi yosavuta, yokhala ndi manambala opatsidwa ambiri. Mu 2012 Gary McGuire wa ku Dublin ndi anzake anatsimikiza kuti pansi pa manambala 17 sudoku singakhale ndi yankho limodzi. Zoyandikira pamenepo muzisiye kaye.

Choyamba, musayambe ndi kabokosi, yambani ndi nambala. Onani nambala imene yaoneka kambiri pa pepalalo, tinene 7, ndipo muilondole yokhayo. Tengani mabokosi atatu a pamwamba. Ngati 7 wa bokosi lakumanzere ali mumzere woyamba, wa bokosi lapakati ali mumzere wachitatu, ndiye kuti wa bokosi lakumanja alibe kothawira, ali mumzere wachiwiri. Kwatsala timabokosi titatu basi. Kamodzi muli kale 4. Pa tiwiri totsalato, tsitsani diso mumzere wotsika: kamodzi kali ndi 7 kumunsi. Kotsalako ndiye kwawo kwa 7, lembani. Chitani chimodzimodzi ndi mabokosi atatu apakati, atatu a pansi, kenaka mutembenuze kayang'anidwe, muone mabokosi atatuatatu otsika.

Mukalemba nambala musathamangire ina. Ilondoleni pomwepo, chifukwa 7 watsopanoyo watseka mzere wopingasa ndi wotsika womwe, ndipo kawirikawiri amatsegula 7 wina m'bokosi loyandikana. Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi, kudumpha kupita kwina n'kudzabwereranso ataiwala. Ikakana, pitani ku nambala yotsatira mpaka mutazungulira zonse 9, kenaka muyambirenso.

Chachiwiri, sakani mzere kapena bokosi limene latsala pang'ono kudzaza. Mukasowa manambala awiri kapena atatu, atchuleni chamumtima, "2, 5, 9", ndipo muyese kabokosi kalikonse kopanda kanthu. Ngati mzere wotsika wodutsa pa kabokosi kena uli kale ndi 2 ndi 9, mmenemo ndi 5. Osayesa izi pa mzere wosowa manambala 6, mutu ungotopa pachabe.

Chachitatu ndicho chimasiyanitsa wongoyamba ndi katswiri, ndipo n'chimene chimalowa m'malo mwa pensulo. Nthawi zina nambala simungaiike, koma mukudziwa mzere wake. Tinene m'bokosi lina 5 angakhale m'timabokosi tiwiri tokha, ndipo tonse tili mumzere umodzi wopingasa. Simukudziwa kuti ndi kati, komabe 5 wa mzere umenewo ali m'bokosi limeneli. Muoneni ngati walembedwa kale: m'mabokosi awiri enawo 5 sangakhalenso mumzere umenewo. Gwirani chala pamenepo, muyang'ane mabokosi enawo chala chisanachoke. Nthawi zambiri mupeza kuti malo a 5 atsala amodzi.

Palinso mapasa. Mukaona kuti m'bokosi limodzi 2 ali ndi malo awiri okha, 8 nayenso malo ake ndi omwewo, timabokosi tiwirito tatengedwa. Wina akhala apa, wina apo. Nambala ina iliyonse isalowemo. Bokosi limene limaoneka ngati lili ndi malo 5 opanda kanthu latsala ndi atatu, ndipo atatuwo savuta. Wosewera bawo amadziwa zimenezi: amawerenga m'mutu kumene njere yomaliza ikagwere asanagwire n'komwe. Koma musasenze zambiri. Mapasa amodzi kapena awiri ndi okwanira pa nthawi imodzi. Agwiritseni ntchito pomwepo, mukatero muwataye m'maganizo. Mukawafuna mudzawapezanso.

Zikauma, pali njira yotopetsa koma yodalirika. Sankhani kabokosi kamene kali pamphambano ya mzere wopingasa ndi mzere wotsika yotsala pang'ono kudzaza, m'bokosi lokhalanso ndi manambala angapo. Werengani 1 mpaka 9, nambala iliyonse muione ngati ili kale mumzere wopingasa, wotsika kapena m'bokosimo. Ikatsala imodzi, ndi yomweyo. Zikatsala ziwiri, siyani kabokosiko, musalembe.

Ndikunenetsa za kusalemba chifukwa bolopeni safufutika. Musanaike nambala iliyonse, yang'anani njira zitatu zonse: chopingasa, chotsika ndi bokosi. Nambala yolakwika siionekera pomwepo, imadzatulukira kutsogolo mutalemba zina zambiri pamwamba pake, mukadzaona ma 6 awiri mumzere umodzi. Ngati mukusewera pa foni, zimitsani zokuthandizani zija zimene zimafiiritsa nambala yolakwika kapena kulemba zokha timanambala, apo ayi foniyo ndiyo ikhala ikusewera.

Masudoku olembedwa kuti ndi ovuta kwambiri amafuna kusunga m'mutu timabokosi tambiri totalikirana nthawi imodzi, ndipo pamenepo pensulo ili ndi ntchito yake. Ngakhale apo, yambani ndi njira zili pamwambazi mpaka zitakaniratu, kenaka mulembe timanambala m'timabokosi tokhato totsala ndi manambala awiri.