Osoka zigamba, musathamangire belo latsopano pa salaula

Amayi ndi abambo amene mumasoka mabulangete a zigamba, zikwama kapena mapilo ogulitsa, nsalu yotsika mtengo ili pa salaula, pomwe amagulitsa zovala zovalidwa kale. Mukapita ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market ku Chipata, musalimbirane ndi anthu tsiku lotsegula belo. Dikirani masiku angapo, mukatole zimene ena asiya: malaya a abambo aakulu kwambiri, masiketi otambalala, nsalu zoyala pabedi ndi makatani. Nthawi imeneyo wogulitsa amakhala akufuna ndalama yoodera belo lina, ndiye amatsitsa mtengo, makamaka mukatenga zambiri pakamodzi.

Kolala yothetheka isakuopseni, inu mukufuna nsalu ya kumsana. Koma itambasuleni padzuwa kaye. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri, nsaluyo yatha, idzang'ambika mukangochapa kawiri.

Ine ndimasankha ya thonje, chifukwa imasitika bwino ndipo siterera pa makina. Ngati kachikwangwani ka m'khosi kanafufutika, sololani kaulusi m'mphepete, wogulitsa akalola, mukayatse ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala imasungunuka n'kuuma ngati pulasitiki.

Mukafika kunyumba chapani musanadule, zofiira ndi zakuda pazokha. Chigamba chimodzi chochucha utoto chimaononga bulangete lonse, ndipo zimapweteka mtima mutasoka sabata yathunthu.

Mabatani ndi mazipi musataye. Asomoleni bwinobwino, muwasunge m'botolo, matelala amagula.