Momwe mungaphikire dzanja la Buddha mu shuga

Dzanja la Buddha ndi chipatso cha m'banja la mandimu, chachikasu, chogawanika ngati zala. Ku China amachitcha foshou, ku Japan bushukan, ndipo amachipereka m'makachisi a Chibuda. Mukachidula simupezamo madzi, kawirikawiri ngakhale nthangala mulibe. Ndi khoko ndi mnofu woyera basi, ndipo phindu lake lonse lili m'fungo. Mnofuwo suwawa ngati wa ndimu, n'chifukwa chake palibe chotaya.

Kuno ku Mzuzu sichipezeka wamba. Chikasowa, tengani makoko a mandimu okhakhala aja a kumsika, njira yake ndi yomweyi kupatula pochotsa kuwawa.

Pa magalamu 500 a chipatso mufunika shuga wolemera chimodzimodzi, ndiye kuti makapu awiri ndi theka, ndi makapu awiri a madzi. Tsukani bwino pakati pa zalazo chifukwa mumabisala fumbi, kenako dulani tizidutswa ta sentimita imodzi. Tofanana, chonde: tating'ono timasungunuka tikuluto tisanapse.

Wiritsani tizidutswato m'madzi opanda shuga kwa mphindi 30 mpaka 40, mpaka kuyera kuja kutachoka, tiyambe kuoneka ngati galasi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mukathira shuga khoko lisanafewe, shugayo amalikoka madzi ndipo limauma gwa, silifewanso. Ngati ndi makoko a mandimu, yambani mwawawiritsa katatu, mphindi 5 ulendo uliwonse, mukutaya madziwo ndi kuthira ena ozizira.

Tsanulani madzi, ikani shuga ndi makapu awiri a madzi aja mupoto, shuga asungunuke, ndiye mubwezeremo tizidutswa. Moto ukhale wochepa. Pambaula phulaniko makala ena, chifukwa moto waukali umapsereza shuga, fungo lonse n'kuthawa. Musatakase kwambiri, shuga angabwerere kukhala mchenga. Pakatha pafupifupi ola limodzi, donthezani dontho la madzi a shugawo pambale, lizizire, mulitsine ndi zala ziwiri. Likatambasuka ngati ulusi, zapsa. Amene ali ndi choyezera kutentha ayang'ane madigiri 110.

Phulani, zigone m'madzi a shugawo usiku wonse. M'mawa sefani, yanikani palichero loyalidwa pepala, ndipo mugubuduze mu shuga wouma pokhapokha zitasiya kunyowa. Nkhungu ya ku Mzuzu ndi mdani wa ntchitoyi, shuga amayamwa chinyezi n'kuyamba kumata. Yanikirani m'nyumba pafupi ndi mbaula, masiku awiri ngati kuli mvula, ndipo musunge m'botolo louma lotseka bwino.

Tizidutswato dulani tating'ono muthire mu ufa wa masikono kapena chigumu. Madzi a shuga otsala musataye, supuni imodzi imakometsa kapu ya tiyi wopanda mkaka. Chala chimodzi chachiwisi muchisungire nsomba: palani khoko lake pa chambo chowotcha mutaphula kale, popeza pamoto fungolo silichedwa kutha.