Kabzalidwe ndi Kathiriridwe ka Aloe Vera: Chimene Chimanenepetsa Masamba

Alimi ambiri amamva kuti aloe vera ndi mbewu yopirira ku chilala, ndipo amaibzala n'kuisiya kuti idzionere yokha. N'zoona kuti siifa msanga, pakuti imatseka timabowo ta m'masamba ake masana n'kutitsegula usiku kunja kukazizira, motero imataya madzi ochepa kwambiri. Koma chimene mlimi amagulitsa ndi mnofu wa m'kati mwa tsamba, ndipo pafupifupi magawo 99 pa 100 alionse a mnofuwu ndi madzi. Mbewu ikakhala ndi ludzu nthawi yaitali, masamba amapyapyala, amapindika m'mbali ndi kufiirira, ndipo pa sikelo amapepuka ngakhale munda ukuoneka wamoyo.

Madzi ochuluka ndiwo oopsa koposa. Mizu ya aloe vera siipita pansi kwenikweni, yambiri imathera m'masentimita 30 apamwamba, ndipo madzi akadikha masiku angapo imayamba kuola. Chizindikiro chake n'chakuti masamba apansi amafewa ndi kuchita chikasu, tsinde limada, ndipo mukagwira chomeracho chimazuka mosavuta chikununkha. Pamenepo palibenso mankhwala amene angachipulumutse.

N'chifukwa chake nkhani ya madzi imayambira pa kabzalidwe. Sankhani dothi losakanikira ndi mchenga, ndipo ngati lanu ndi la makande, ungani mizere yokwera bwino kuti madzi a mvula azitsetsereka. Kubzala pamalo osalaza kumayenera kokha kumene madzi amalowa pansi msanga. Bzalani tiana tophuka m'mbali mwa chomera chachikulu, totalika masentimita 20 kapena kuposerapo, ndipo mukatichotsa tisiyeni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume. Pokwirira, dothi lifike pamene masamba ayambira, lisalowe pakati pa chomera.

Mpata wa masentimita 60 mbali zonse umapereka zomera zoposa 27,000 pa hekitala. Mukabzala mothithikana kuposa apa, zomera zimachuluka koma tsamba lililonse limachepa, chonsecho ogula ambiri amafuna masamba akuluakulu. Ine ndimalangiza mlimi wofuna masamba olemera kuti akulitse mpata pakati pa mizere, chifukwa kutero kumamupatsanso njira yodutsa pokolola osathyola nsonga. Tiana tikachulukana patsinde tizichotsedwa, popeza timalanda chakudya ndi madzi.

Mukangobzala thirirani pang'ono kuti dothi ligwirane ndi mizu, kenaka muzidikira kuti liumeko musanathirirenso. Njira yodziwira ndi kupisa chala m'dothi: likadali lonyowa, dikirani. Mthirira wa madontho ndiwo woyenera mbewuyi, chifukwa madzi amafika pamizu pang'onopang'ono osanyowetsa pakati pa chomera pamene kuola kumayambira. Wothirira ndi ngalande adutsitse madzi m'khwawa mwa mizere, ndipo asawasiye kuti agone m'munda. M'nyengo yozizira chepetsani madzi, pakuti mbewu siikula kwambiri. Kuphimbira ndi udzu kumasunga chinyezi, bola udzuwo usakhudze tsinde.

Masamba amakhwima bwino mbewu ikatha pafupifupi miyezi 18. Dulani atatu kapena anayi akunja okha pa chomera chilichonse, ndipo musathirire tsiku lomwelo kuti mabala ayambe auma.